Ulendo wausiku pa Ilala umayamba masana

Aliyense amene adakhalapo padoko la Nkhata Bay tsiku lonyamuka sitima ya Ilala amadziwa zomwe zimachitika ikangolira lipenga. Anthu amene adakhala tsiku lonse pamsika kapena pamalo omwera amayamba kutulukira mbali zonse, wina thumba la ufa pamutu, wina mwana kumbuyo ndi ndowa kumanja, wina akukuwa dzina la mnzake yemwe watsalira m'sitolo. Kunja kuli mdima, pansi ponyowa, ndipo aliyense akufuna kulowa nthawi imodzi pakhomo lomwe limalola munthu mmodzi kapena awiri.

Chipwirikiti chotere chidazolowereka kufikira pakuti ambiri amachiona ngati ndi mbali ya ulendo. Komatu pamene pali kukankhana kotere mpamene ana amasochera, katundu amagwera m'madzi, akuba amakolola, ndipo ena amatsala padoko akuyang'ana magetsi a sitima akuzimiririka. Zambiri mwa izi zimachitika kaamba ka chinthu chimodzi chomwe n'chotheka kuchikonza popanda kuononga ndalama: nthawi yomwe munthu amafikira padoko.

Nkhaniyi siyaing'ono kwa anthu a pa Likoma ndi Chizumulu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti boma la Likoma lili ndi anthu oposa 14,000, ndipo zilumba ziwirizi zazunguliridwa ndi madzi a mbali ya Mozambique. Chimanga, shuga, sopo, simenti, malata ngakhale nkhuni zambiri zimachita kuoloka nyanja kuchokera kumtunda. Ana asukulu, aphunzitsi, anamwino, amayi a geni ya usipa ndi odwala omwe atumizidwa kuzipatala zazikulu onse amadalira sitima. Ilala imadutsa pamalo aliwonse kawiri pasabata, kamodzi polowera kumpoto, kamodzi pobwerera kummwera. Munthu amene yamusiya amadikira masiku angapo akulipira malo ogona ndi chakudya, apo ayi amakwera maboti ang'onoang'ono omwe pa nyengo ya mphepo sakhala malo oikapo moyo wa mwana.

Sitimayi ndi yachikulire. Idapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland, nkubwera kuno zidutswazidutswa kudzera padoko la Beira, ndipo idayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951. Dzina lake idatengera sitima yaing'ono yomwe amishoni a Livingstonia adabwera nayo mu 1875, ndipo Ilala ndi dera la ku Zambia komwe David Livingstone adamwalirira mu 1873. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Kwa zaka zoposa 70 yakhala basi, lole ndi ambulasi ya midzi ya m'mbali mwa nyanja monga Usisya, Ruarwe ndi Tcharo, komwe galimoto imafika movutikira kapena siifika n'komwe.

Ndandanda yomwe anthu a kunyanja akhala akuidziwa pamtima kwa zaka zambiri ndi yakuti sitimayi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, nkufika pa Likoma Loweruka, pa Nkhata Bay Lamulungu kusanache, ku Chilumba Lamulungu madzulo. Pobwerera imafika pa Nkhata Bay Lolemba masana, nkukhala maola angapo ikutsitsa ndi kukweza katundu, kenako nkunyamuka cha m'ma 8 koloko usiku kulowera ku Chizumulu ndi Likoma. Masiku ndi maola amenewa asinthapo kangapo, ndipo nthawi zina sitimayi imakhala kokonzedwa ina nkulowa m'malo mwake. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya wapaulendo aliyense ndi kufunsa kuofesi ya padoko sabata yomweyo, ndi kufunsanso m'mawa wa tsikulo. Safunsa adadya phula.

Anthu ochedwa ali ndi yankho limodzi lomwe amalikonda: Ilala yomwe imachedwa, ndiye n'kufulumiriranji? Kunena zoona, sitimayi imachedwadi, nthawi zina ndi maola ambiri, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. M'madoko ambiri mulibe jeti, kotero imaponya nangula patali ndi gombe nkutsitsa maboti ake kuti azikatenga anthu ndi katundu. Boti lililonse limapita nkubwera kangapo, ndipo pakakhala matumba ambiri a nsomba kapena chimanga ntchito ya ola limodzi imatenga maola atatu. Kuyambira cha mu May mpaka August kapena September mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu, ndipo sitima imayenda pang'onopang'ono. Kuchedwa kwa padoko limodzi kumasenzedwa kupita padoko lotsatira.

Koma yankho limenelo lili ndi bowo. Kuchedwa kwa sitima sikutsata ndondomeko yomwe munthu angawerengere. Sabata ino ichedwa ndi maola asanu, sabata yamawa nyanja yagona, katundu wachepa, ndipo 8 koloko ikamakwana chingwe chamasulidwa kale. Pa Nkhata Bay tsiku Lolemba mpamenenso sitima imatha kubweza nthawi yomwe idataya kumpoto, chifukwa pandandanda pamakhala maola ambiri oima. Munthu amene wadalira kuchedwa kwa sabata yatha watchova juga, ndipo chomwe waika patebulo ndi ulendo wa banja lonse. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Cholakwika china ndi kumva 8 koloko ngati nthawi yofikira padoko. Imeneyo ndi nthawi yomwe sitima imachoka. Isanakwane pamayenera kukhala patachitika zambiri: kugula tikiti, kuyezetsa ndi kulipirira katundu, kumukweza, kupeza malo okhala, ndi kuona komwe kuli zimbudzi ndi majekete oyandamitsa munthu pamadzi. Wapaulendo wanzeru amawerenga nthawi chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 8 koloko, ndipo akatero amapeza kuti malire enieni ndi kulowa kwa dzuwa. Kuno ku Malawi dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, ndipo m'miyezi ya June ndi July limalowa nthawiyo isanakwane. Mdima suchedwa kugwa. Munthu wa chikwama chimodzi akafika padoko pofika 4 koloko amakhala ndi maola awiri a kuwala ochitira zonse mosathamanga. Amene ali ndi matumba, malata, njinga kapena mipando ayenera kukhala atafika sitima ikamakocheza masana, chifukwa katundu wolemera ndiye amayamba kulowa ndipo malo ake akadzaza, adzaza.

Kuwerenga chobwerera m'mbuyoku kuyenera kufika mpaka pakhomo la nyumba. Kuchokera ku Mzuzu kukafika pa Nkhata Bay ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ulendo wa ola limodzi pagalimoto ikangonyamuka. Vuto ndi lakuti minibasi kapena takisi siinyamuka isanadzaze, ndipo panjira imaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja. Amene wachoka m'tauni ya Mzuzu 5 koloko madzulo poganiza kuti ali ndi maola atatu amatsika zitunda za ku Nkhata Bay mumdima mtima uli m'mwamba, tayala likangophulika ulendo wathera pomwepo. Wochokera ku Mzuzu ayenera kukhala ali m'galimoto nkhomaliro isanakwane.

Kwa ochokera ku Lilongwe, Blantyre kapena Zomba nkhani ndi ina. Kaya adzera msewu wa M1 kudutsa Kasungu ndi Mzuzu, kaya wa M5 wa m'mbali mwa nyanja kudutsa Salima, Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche, ulendowo umadya tsiku lathunthu. Nthawi ya dzinja mitsinje yotsikira kunyanja imasefukira ndipo milatho ya pa M5 yakhala ikuonongeka kangapo. Basi ikhoza kufa, mafuta akhoza kusowa, pamarodibuloko pakhoza kukhala mzere. Kuika ulendo wonsewo pa tsiku lomwe sitima ikunyamuka n'kusasamala. Ndalama ya chipinda chogona usiku umodzi pa Nkhata Bay kapena ku Mzuzu imaoneka yambiri munthu akamakonza bajeti, koma ndi yochepa poyerekeza ndi ya masiku angapo omwe angakhale padoko sitima itamusiya.

Ena angafunse kuti kuwala kwa dzuwa kuli ndi ntchito yanji popeza sitima ili ndi magetsi. Yankho lili pamalo okwerera. Pomwe pali jeti, munthu amadutsa pakampata kopapatiza, pansi pali madzi akuya, anthu akukankhana ndi katundu pamutu. Pomwe palibe jeti, amayamba wayenda m'madzi ofika m'mawondo kapena m'chiuno, nkukwera boti logwedezeka, kenako nkukwera makwerero kulowa m'sitima pamene boti likukwera ndi kutsika ndi mafunde. Ana amapatsirana m'manja kuchokera kwa munthu wina kupita kwa wina. Gogo wa maso ofooka, mayi woyembekezera ndi munthu woyendera ndodo amafunika kuona pomwe akuponda, ndipo amalinyero amafunika kuwaona iwo. Munthu akagwera m'madzi masana anthu khumi amamuona nthawi yomweyo. Usiku amangomveka kukuwa osadziwa kuti ali mbali iti.

Zoona, pali madoko ena omwe sitima imafika pakati pausiku ndipo anthu sangachitire mwina koma kukwera mumdima. Kumeneko kufika msanga kumathandizabe, chifukwa amene ali kale pagombe ndi katundu wake womangidwa bwino amalowa boti loyamba kapena lachiwiri lomwe limanyamuka modekha. Boti lomaliza ndilo loopsa, chifukwa onse ochedwa amalimbirana ndipo palibe amene amavomera kutsala.

Palinso nkhani ya malo. Anthu ambiri amakwera m'chipinda cha pansi cha mtengo wotsika, momwe mipando ndi yochepa kuposa anthu ndipo matumba amadzaza m'tinjira. Kugona pakati n'kuyambirira. Ofika msanga amapeza pokhala pabwino, potalikirana ndi khomo la chimbudzi ndi kutentha kwa injini, pomwe mwana angagone. Ochedwa amachezera chiimire kapena kukhala pathumba la munthu wina mpaka kukafika pa Chizumulu usiku, ndipo mikangano yambiri ya m'sitima imayambira pamenepa. Alendo okaona malo, a kunja ndi a kuno komwe, amene amalipira zipinda zogona kapena malo a pamwamba, nawonso asadzinamize kuti kulembetsa dzina kukwanira. Zipinda n'zochepa, ndipo kusokonekera kwa maina kumakonzedwa mosavuta ofesi ikadali yotsegula kusiyana ndi pamene woyang'anira ali pakati pa anthu mazana akumufunsa zinthu zosiyanasiyana.

Chachikulu koposa ndi chitetezo cha sitima yonse. Kaputeni amayenera kudziwa kuti wanyamula anthu angati ndi katundu wolemera bwanji asanamasule chingwe. Gulu la anthu likalowa mothithikana m'mphindi khumi zomaliza, kuwerenga kumasokonekera, ena amalowa opanda tikiti, ndipo katundu amaunjikidwa paliponse, ngakhale pamakomo othawira ngozi itagwa. Nyanja ya Malawi, yomwe kuya kwake kumafika mamita 700 chakumpoto, idaonetsa kale ukali wake. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya idamira ndi mphepo yamkuntho pafupi ndi Florence Bay, komwe lero kumatchedwa Chitimba, ndipo anthu 145 adafa. Ku Tanzania mu September 2018 sitima ya Nyerere idatembenuzika pa nyanja ya Victoria pafupi ndi chilumba cha Ukara itadzaza mopyola muyeso, nkupha anthu oposa 200, ndipo poyamba akuluakulu adavutika kunena chiwerengero chenicheni cha omwe adakwera. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Maiko omwe ali ndi sitima zikuluzikulu zoyendetsa alendo panyanja zamchere adaphunzira izi ndi misozi. Mu January 2012 sitima ya Costa Concordia idagunda mwala usiku pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, patangopita maola ochepa chinyamukireni, ndipo anthu 32 adafa. Ambiri mwa omwe adakwera tsiku lomwelo adali asanaphunzitsidwe kothawira. Kuyambira mu 2015 malamulo a dziko lonse a chitetezo cha panyanja amati apaulendo otere aonetsedwe zochita pangozi sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. N'chifukwa chake sitima zonyamuka madzulo m'madoko monga Durban ndi Cape Town zimayamba kulandira anthu kudakali masana ndipo zimatseka khomo nthawi yonyamuka isanakwane. Wofika khomo litatsekedwa amatsala, ngakhale sitimayo akuiona ili pomwepo. Ilala ndi yaing'ono ndipo anthu ake ambiri ndi osauka, koma moyo wa mayi wa geni ya usipa sulemera mochepera pa wa mlendo wa ku Durban.

Kufika msanga kulinso ndi mavuto ake omwe sayenera kubisidwa. Munthu amene wafika 4 koloko sitima nkunyamuka pakati pausiku wadikira maola asanu ndi atatu, mwina ndi ana anjala, pamalo opanda mthunzi wokwanira. Ena amafika m'mawa kwambiri nkutha ndalama ya tikiti ndi tchipisi ndi zakumwa. Abambo ena amati akudikirira sitima pamalo omwera mowa, ndipo ndi omwewo amene amabwera akudzandira lipenga litalira, nkuyamba kukankha amayi pamakwerero. Mowa ndi makwerero onyowa sizigwirizana. Kudikira kumafuna kukonzekera: madzi akumwa, kamba, chitenje kapena bulangete chifukwa panyanja usiku kumazizira makamaka nthawi ya mwera, tochi, foni yodzaza moto, ndi ndalama yapadera yomwe siikhudzidwa. Katundu alembedwe dzina ndi komwe akupita, chifukwa matumba a ufa amafanana onse mumdima. Mwana aliyense wodziwa kulankhula auzidwe dzina la kholo lake ndi malo okumanirana akasochera.

Komabe sichilungamo kusenzetsa apaulendo okha mtolo wonsewu. Anthu adaphunzira kuchedwa chifukwa kwa zaka zambiri palibe amene amawauza zoona za komwe sitima ili. Kale zinali zomveka, popeza nkhani imadalira wailesi ya m'sitima ndi mphekesera za pamsika. Lero mabanja ambiri ali ndi foni, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja ali ndi mawailesi a m'madera. Palibe chifukwa chomveka cholepheretsa oyendetsa sitima kulengeza kawiri kapena katatu patsiku kuti sitima yachoka pati, ikuyembekezeka kufika nthawi yanji, ndipo ngati yachedwa, yachedwa ndi maola angati. Uthenga wa pafoni, chikwangwani cholembedwa ndi choko pakhomo la ofesi, ndi chilengezo pawailesi m'Chichewa, m'Chitonga ndi m'Chitumbuka zingachotse theka la chipwirikiti chomwe chimaoneka padoko.

Chachiwiri, payenera kukhala nthawi yotsekera khomo yodziwika kwa aliyense ndipo yosasintha nkhope. Ngati sitima ikunyamuka 8 koloko, katundu wolemera asiye kulandiridwa dzuwa lisanalowe, ndipo anthu asiye kukwera ola limodzi nthawi yonyamuka isanakwane, kuti amalinyero awerenge anthu, akonze tinjira, ndi kuwauza komwe kuli majekete. Sabata zoyamba padzakhala madandaulo, koma anthu a kunyanja ndi omwewo amene amafika pabwalo la ndege kapena pa mayeso a boma nthawi yabwino chifukwa amadziwa kuti kumeneko sanyengerera. Lamulo lotere limafa tsiku lomwe lapindidwa chifukwa cha bwana wina amene galimoto yake ikadali panjira. Anthu mazana atatu sayenera kudikira munthu mmodzi, kaya ali ndi udindo wotani, pokhapokha ngati ndi wodwala amene ambulasi ikubwera naye.

Chachitatu chikukhudza boma kudzera ku unduna wa zamtengatenga ndi nthambi yake yoona za maulendo a pamadzi, pamodzi ndi makhonsolo. Sizingatheke kuuza mayi wa ana atatu kuti afike 4 koloko pomwe palibe pokhala, chimbudzi chaukhondo, madzi akumwa kapena nyali. Doko lililonse lomwe sitima imaima usiku liyenera kukhala ndi chisakasa chodikirira, magetsi oyendera dzuwa pagombe, ndi apolisi pa tsiku la sitima. Odwala, okalamba, amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono akhale oyamba kukwera kukadawala. Izi si zinthu za mabiliyoni. Ndalama zomwe apaulendo ndi eni katundu amalipira sabata ndi sabata ziyenera kuoneka ntchito yake pamalo pomwe iwo amadikirira.

Mafumu, mipingo ndi akuluakulu a sukulu nawo ali ndi gawo. Sukulu zikamatsegulira kapena kutsekera, ndiponso nyengo ya Khirisimasi ndi Pasaka pomwe anthu ambiri amapita kukapemphera ku tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa Likoma kapena kukaona abale, sitima imadzaza kuposa masiku onse. Mphunzitsi wamkulu amene akutulutsa ana opita kuzilumba awatulutse m'mawa wa tsikulo kapena dzulo lake. Gulu la kwaya kapena la amayi a mumpingo lisankhe munthu mmodzi wogula matikiti ndi kuwerenga anthu, ndipo lifike limodzi dzuwa likadali pamwamba.

Ilala yatumikira dziko lino kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo tsiku lina idzapuma, ina nkulowa m'malo mwake. Sitima yatsopanoyo idzapeza madoko omwewa, mwera womwewu ndi anthu omwewa. Ngati chizolowezi chothamangira lipenga sichisintha lero, chidzangosamukira m'sitima yatsopano pamodzi ndi zoopsa zake. Oyendetsa sitima anene zoona za nthawi ndipo aisunge, boma likonze podikirira, ndipo wapaulendo amene tikiti yake ikuti 8 koloko usiku akhale ali padoko pofika 4 koloko masana.